Alandilodi akukana lendi, akuti ndituluke pofika pa 31

Tamanda wa ku Valenzuela:
Abale anga a pagulu lino, mwaswera bwanji? Pepani ndilemba zambiri, mutu waima. Ndimachita lendi kachipinda kapamwamba pa nyumba ya mayi ena kuno ku Valenzuela, m'dziko la Philippines. Ndinalowa mu Epulo 2024. Lendi ndi mapeso 8,500 pamwezi, madzi ndi magetsi padera. Polowa ndinapereka ya mwezi umodzi ndi dipoziti ya miyezi iwiri, ndiye kuti 17,000 yanga ili m'manja mwawo. Kontirakiti inali ya chaka chimodzi, inatha mu Epulo chaka chino. Sitinalembenso ina, ine ndangopitiriza kulipira, iwo n'kumalandira.

Sabata yatha anandiimitsa pa masitepe n'kundiuza kuti kuyambira Seputembala lendi ikhala 10,500. Ndinawayankha kuti 2,000 yonseyo sindingakwanitse, ndalama zimachokera kwa makolo ndipo amachita kuwerengera. Ndinawakumbutsanso kuti denga likudontha chidonthereni kuyambira mvula ya namondwe Carina ija, Julayi chaka chatha, mpaka pano ndimagona ndi beseni pambali pa bedi. Anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba. Lolemba ndatsika ndi lendi ya Ogasiti, akana kulandira. Ndatumiza pafoni kudzera pa GCash, abweza. Usiku uno mwana wawo wamwamuna wandilembera kuti ndikhale nditatuluka pofika pa 31, apo ayi adula magetsi n'kusintha loko. Mayeso ndikuyamba pa 25. Lamulo la kuno limalola zimenezi?

Gift wa ku Cebu:
Aaa, chibwana chimenecho! Jambulani uthengawo muuponye pa Facebook, dzina lawo ndi chithunzi cha nyumba yomwe. Kapena awopsezeni kuti muwatengera kwa Tulfo, uja amaulutsa madandaulo a anthu pa wailesi. Anthu a kuno akangomva dzina limenelo mawondo amagwedera.

Kondwani wa ku Makati:
Gift, khala pansi kaye. Achemwali, za Facebook zo musayerekeze. Kuno kuli lamulo la 2012 la milandu ya pa intaneti, ndipo kuipitsa mbiri ya munthu pa intaneti ndi mlandu woti akhoza kukumangitsani nawo. Inu muli pa viza ya sukulu. Mlandu wa lendi usasanduke mlandu wa ku Immigration.

Ine si loya, ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, koma lamuloli ndinaliwerenga ndekha pamene ndinkalimbana ndi alandilodi anga akale. Ndi Republic Act 9653, Rent Control Act ya 2009. Limateteza anthu amene lendi yawo ndi mapeso 10,000 kapena kucheperapo, ndiye inu muli mkati. Litangotuluka linkalola kukweza ndi 7 peresenti pachaka. Masiku ano malirewo amaika ndi National Human Settlements Board, yomwe ili pansi pa unduna wa zanyumba wa DHSUD. Chaka chatha anaika 4 peresenti, chaka chino cha 2025 ndi 2.3 peresenti, bola ngati wokhalamo ndi yemwe uja wakale. Tengani 8,500 muwerengere 2.3 peresenti yake: ndi mapeso 195.50. Basi. Lendi yanu singadutse 8,695.50 chaka chino. Zoti 2,000 zo achotsa m'mutu mwawo.

Ndipo taonani nambala imene asankha. Sananene 9,500 kapena 10,000, anena 10,500. Lendi ikangodutsa 10,000, nyumbayo yatuluka m'manja mwa lamuloli, chaka chamawa akweza mmene akufunira. Mwina angoganiza nambalayo mwangozi, koma ine ndikukayika.

Tamanda:
Ambuye akudalitseni achimwene. Nanga kukana ndalamaku n'kutani? Munthu akufuna ndalama zambiri koma zimene ndawapatsa akubweza.

Kondwani:
Msampha uli pamenepo. Pa zifukwa zimene khoti limalola kutulutsira munthu, chimodzi ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu. Akakana kulandira inu n'kungokhala chete ndalama zili m'chikwama, pamapepala pazioneka kuti simukulipira. Opanga lamulo anaziona kale zimenezi. Mwininyumba akakana lendi, muli ndi mwezi umodzi woti mukasungitse ndalamazo kukhoti, kapena kwa msungichuma wa mzinda, kapena kwa kapitani wa barangay (boma laling'ono la m'dera lanu), kapena kubanki m'dzina la mwininyumbayo, ndipo mumudziwitse. Miyezi yotsatira muzisungitsa asanathe masiku 10 oyamba a mwezi. Chapafupi kwa inu ndi ku barangay hall. Pitani mawa m'mawa ndi 8,500 yanu, akulembereni lisiti, ndipo uthenga wa mnyamatayo akaulembe m'buku lawo lija amati blotter. Zithunzi za GCash zosonyeza kuti munatumiza iwo n'kubweza, sungani kawiri, pafoni ndi pa imelo.

Za kudula magetsi ndi kusintha loko, mwininyumba sadzigamulira yekha mlandu. Njira yake ndi kalata yokuuzani kuti mulipire kapena mutuluke, kenako ku barangay, zikakanika kumeneko apite ku Metropolitan Trial Court, ndipo wodzakutulutsani ndi sherifu atanyamula chigamulo. Kukukakamizani ndi ziwopsezo kukhoza kumubwerera mnyamatayo ngati mlandu wa grave coercion. Komabe kawerengeni kontirakiti yakale ija mzere ndi mzere. Ena amabisamo mawu oti lendi ikatha mwininyumba akhoza kulowa n'kutenga nyumba yake osadzera kukhoti, ndipo Supreme Court ya kuno inavomerezapo mawu oterowo pa milandu ina.

Mayi Nabanda a ku Quezon City:
Mwanawe Tamanda, ndikufunse kaye. Pa masitepepo munali awiri, kapena panali anthu?

Tamanda:
Panali amayi a kagolosale ka sari-sari kali pageti, ndi mnyamata wina wa tricycle amadikira wokwera.

Mayi Nabanda:
Ndinadziwa. Zaka 11 ndili kuno, bambo a kunyumba kwanga ndi a konkuno, apongozi anga nawonso ali ndi zipinda zochititsa lendi ku Novaliches. Ndikuuze zimene mayi aja anamva. Iwe ukuti unayankha mwaulemu, ndipo sindikukana. Koma iwo anamva mwana wa msinkhu wa mdzukulu wawo, mlendonso, akuwakanira pamaso pa anthu, n'kuwonjezera kuti nyumba yawo ikudontha. Pofika madzulo msewu wonse unali utamva. Kuno amati hiya, ndi manyazi omwe aja timawadziwa kwathu, koma kuno munthu amalolera kuluza ndalama kusiyana n'kuti anthu amuone atagonja. Kubweza GCash kuja mwina si nzeru za loya ayi, ndi mtima wopweteka.

Zimene akunena Kondwani ndi zoona, ndalamazo ukasungitse. Koma usanapite ku barangay peza munthu wamkulu amene mayiwo amamumvera, kaya wa kutchalitchi kwawo, kaya amayi a sari-sari omwewo. Akawauze kuti mwana uja sakupita kukakusumirani, akungokasungitsa lendi kuti asaoneke wangongole. Ukatero tsika wekha ndi kathumba ka buledi uja amati pandesal, uwatchule kuti Nanay, ndiye kuti amayi, mawu aulemu aja oti “po” asachoke pakamwa. Kwathu timati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Gift:
Ndiye munthu akuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, agulenso buledi kukapepesa wakuba? Amayi, ulemu wanu ulipo, koma izi ndi zimene zimatichititsa kuti tizipondedwa kulikonse. Lamulo lili mbali yake. Chilango chake Kondwani tauze anthu.

Kondwani:
Chindapusa cha mapeso 25,000 mpaka 50,000, kapena ndende kuyambira mwezi umodzi ndi tsiku limodzi mpaka miyezi 6, kapena zonse ziwiri. Zili m'lamulo lomwelo.

Koma Gift, pali bowo limene sindinalitchule, ndipo ndi chifukwa chake sindikutsutsa Mayi Nabanda. Kontirakiti ya achemwaliwa inatha mu Epulo. Civil Code imati munthu akapitiriza kukhala masiku 15 kontirakiti itatha, mwininyumba osakana, ndiye kuti pabadwa mgwirizano watsopano, koma si wa chaka ngati woyamba uja. Poti amalipira pamwezi, umakhala wa mwezi ndi mwezi. Makhoti a kuno akhala akugamula kuti mgwirizano wotere mwininyumba akhoza kuuthetsa pakutha pa mwezi atapereka notisi. Ndiye kukweza ndi 2,000 sangathe, kudula magetsi sangathe, koma kunena kuti “mgwirizano watha, ndikufuna nyumba yanga” n'kuyenda njira ya khoti, akhoza. Nyumba ikakhala yopanda munthu, wolowa watsopano amamutchulira mtengo uliwonse. Achemwali akhoza kupambana mkangano wa 2.3 peresenti n'kudzapezeka ali panja mu Novembala. Chimene akufunika ndi pepala latsopano losainidwa, ndipo pepala munthu wokwiya sasaina.

Gift:
Chabwino, ndamva. Koma buledi ndiye agule wa dzulo.

Abusa Mbewe a ku Silang:
Mtendere ukhale nanu nonse. Ndinali m'kalasi, ndangowerenga tsopano. Mwana wanga Tamanda, usaope ku barangay. Ine ndinaperekezapo mnyamata wina wa ku Zambia pa nkhani yonga yomweyi, ndipo nditakhala pa mpando wapulasitiki uja, fani ikuzungulira pamwamba, ndinangoona ngati ndili pabwalo la amfumu kwathu ku Ntcheu. Amati Katarungang Pambarangay, ili mu Local Government Code ya 1991. Anthu okhala mumzinda umodzi akayambana, khoti silimva mlandu wawo asanadzere kumeneko. Kapitani amayamba ndi iye kuyanjanitsa, ali ndi masiku 15. Zikavuta amapereka nkhaniyo kwa anthu atatu osankhidwa pa gulu lija amati lupon. Nawonso akalephera, m'pamene amalemba chikalata chololeza kupita kukhoti. Maloya saloledwa kuyankhulira munthu pabwalopo, aliyense amadzinenera yekha. Mukagwirizana n'kusaina, pakatha masiku 10 popanda wokana, pepalalo limakhala ndi mphamvu ngati chigamulo cha khoti.

Chosiyana ndi kwathu n'chakuti kapitani amachita kuvoteredwa. Alandilodi ako ndi ovota, ana awo ndi ovota, iwe suvota. Sindikuti akukondera, amene ndinakumana naye ine anali munthu wachilungamo. Ndikungoti upite ndi mapepala ako onse atasanjidwa bwino, kuti ngakhale wofuna kukondera asowe pogwira. Upitenso ndi mnzako wa Chitagalog, chifukwa nkhani ikatentha Chingerezi amachisiya pakhomo.

Thoko wa ku Baguio:
Ndilowereko pang'ono pa za magetsi. Tamanda, mita ndi yako yako ya kampani ya magetsi ya Meralco kapena ndi kamita kochokera kwa alandilodi?

Tamanda:
Ndi kamita, kali kuseri kwa chitseko chawo cha kukhitchini. Amangondilembera pakapepala mwezi ukatha.

Thoko:
Ndiye kudula kwake n'kungotsitsa switchi, palibe ndi waya womwe woti adule. Tchajiratu foni ndi power bank, mabuku a mayeso utsitsiretu. Ndipo poti mukukakhala pansi, upemphe kuti uziona bilu yeniyeni ya Meralco ndi nambala ya pakamitako mwezi uliwonse. Ine kuno si Meralco, koma ndinapeza kuti chaka chonse ndinkalipirira nawo firiji ya eni nyumba ndi nyale ya pageti. Ndinazindikira nditapita kutchuthi milungu itatu, chipinda chotseka, koma bilu inabwera yofanana ndi ya mwezi wathunthu.

Tamanda:
Abale, ndiulule kanthu kena, mwina n'kofunika. Kuyambira mu Juni ndikukhala ndi mnzanga wa ku Kenya, tili kalasi imodzi. Kumene ankakhala kunasefukira madzi. Amagona pa matiresi pansi, ndipo amandithandiza 2,500 pamwezi. Mayiwo amamuona tsiku lililonse, amapatsana moni, sananenepo kanthu.

Kondwani:
Eee achemwali! Chimenechi ndiye mukanayamba nacho. Lamulo lomwe likukutetezanilo limaletsa kulowetsa munthu wina wolipira, kaya ndi wa chipinda kaya wa bedi lokha, popanda chilolezo cholembedwa cha mwininyumba. Mawu oti cholembedwa alimo. Ndipo pa mndandanda wa zifukwa zotulutsira munthu, chimenechi ndicho choyamba. Moni wa pa masitepe si chilolezo. Mnyamata ujayo akangopita kwa loya, funso loyamba adzafunsidwa ndi lakuti m'chipindamo mukugona anthu angati.

Mayi Nabanda:
Wayiona nkhani tsopano? Mayi aja akuwerenga mumtima: madzi a anthu awiri, phokoso la anthu awiri, mwana uyu akutolera lendi m'nyumba mwanga, ine ndikapempha kuwonjezera akundiuza za denga. Sindikuti akulondola, 2,000 ndi yambiri. Koma usapite ku barangay ngati munthu wopanda banga. Ukayambe ndi iwe kuitchula nkhani ya mnzakoyo, upepese kuti sunapemphe, iwo asanaitulutse.

Gift:
Apa ndiye ndabweza mawu anga. Buledi akhale wa lero, muwonjezere ndi Coke.

Madalitso wa ku Lilongwe:
Ndikukuwerengani ndili kuno kumudzi, ndinabwerako 2023. Ine ndingonena za dipoziti, chifukwa bala lake silinapole. Ndinkakhala ku Sampaloc, kufupi ndi España kumene madzi amafika m'mawondo mvula ikangogwa ola limodzi. Dipoziti yanga inali 18,000. Tsiku lopereka makiyi bambo aja anayenda m'chipinda ndi kope: penti 6,000, chitseko cha kabati chotupa ndi chinyezi 3,500, matailosi awiri osweka amene ndinawapeza ali osweka kale 2,000, yotsalayo akuti adikira mabilu omaliza a Meralco ndi madzi. Ndege yanga inali m'mawa mwake. Mpaka lero ndikudikira mabiluwo.

Ndinadzamva mochedwa kuti dipoziti imayenera kusungidwa kubanki, ndipo potuluka amakubwezera ndi chiwongoladzanja chake chomwe. Amaloledwa kudulapo lendi yotsala, mabilu, ndi zimene waononga, molingana ndi mtengo wake. Penti kusuluka chifukwa chokhalamo munthu si kuononga, Civil Code imanena yokha. Ndipo kuli khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, mpaka mapeso 1,000,000 kuyambira 2022, kopanda maloya, umangodzaza mafomu. Koma zonsezo zimafuna munthu amene ali m'dzikomo. Alandilodi amadziwa kuti mwana wa sukulu wakunja ali ndi tikiti m'thumba. Tamanda, jambula chipinda chonse lero lomwe, denga likudonthalo ujambule vidiyo mvula ikugwa, ndipo tsiku lobweza dipoziti lilembedwe papepala, likhale tsiku loti iwe udakali konko.

Thoko:
Nanga si lamulo limati mwininyumba akakana kukonza, munthu akhoza kuimitsa lendi? Ndinamva choncho.

Kondwani:
Zilimo mu Civil Code, ndime 1658. Koma munthu amene akufunafuna kale chifukwa chokutulutsira, usamupatse miyezi yosalipira kuti azikawerenga pamaso pa woweruza. Achemwali alipire, za denga alembe kalata.

Inu mwina mukuona ngati ife a m'nyumba zosanja zija amati condo tili pabwino. Ine ndimalipira 24,000, lamulo la 10,000 lija silindidziwa n'komwe. Polowa ananditenga miyezi iwiri ya lendi, iwiri ya dipoziti, ndi macheke olembedwa masiku a m'tsogolo a miyezi yotsalayo. Cheke chimodzi chikangobwerera kubanki chifukwa mulibe ndalama, ndi mlandu pansi pa lamulo la Batas Pambansa 22. Tsiku la malipiro likachedwa ine tulo sindigona.

Abusa Mbewe:
Tamanda, ukafuna uphungu wa loya weniweni, funsa ku Public Attorney's Office, ali ndi maofesi m'mizinda yonse ikuluikulu, akakuuza okha ngati angakuthandize. Masukulu ena a zamalamulo nawonso amathandiza anthu mwaulere. Tikupempherera, ndipo utiuze mmene ziyendere.

Tamanda:
Abale, ndabwera ndi lipoti. Pepani ndinasowa, mayeso anandipanikiza.

Ndinachita monga munanenera. Amayi a sari-sari anavomera kukhala nkhoswe, anachita kuseka kuti nkhaniyo anali akuidziwa kale yonse. Lachitatu ndinakasungitsa 8,500 ku barangay hall, sekilitale anandilembera lisiti, uthenga uja anaukopera m'buku. Madzulo ndinatsika ndi pandesal. Nanay sanandiyankhule, koma thumbalo analandira.

Anatiitana Lachisanu sabata yotsatira. Mnyamata uja anabwera atavala yunifomu ya kuntchito, nkhope ili gwa. Kapitani atawerenga mokweza uthenga wake wa magetsi ndi loko, anangoti analemba atakwiya. Ine ndinayamba ndi nkhani ya mnzanga, ndinapepesa. Apo Nanay anayamba kuyankhula Chitagalog mofulumira, misozi ikutsika. Mnzanga wa m'kalasi amene anandiperekeza ankandinong'oneza: mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Saudi wasiya kutumiza ndalama kuyambira Meyi, kontirakiti yake inatha, ndipo mankhwala a shuga a bambo a m'nyumbamo akugulidwa ndi lendi yanga yomweyi. Za 2.3 peresenti anali asanamvepo. Nambala ya 10,500 anawauza ndi mnansi wina amene akuchititsa chipinda chonga changa pa mtengo umenewo. Kapitani ndi amene anawafotokozera lamulolo, si ine, ndipo ndinaona kuti zinathandiza.

Tasaina mgwirizano, kuno amati kasunduan. Ndikhala mpaka pa 31 Disembala semesita ikatha. Lendi 8,700. Mnzanga walembedwa dzina kuti akuloledwa kukhala, iyeyo aziwonjezera 500 ya madzi molunjika kwa Nanay. Bilu ya Meralco azindionetsa. Dipoziti abweza pasanathe masiku 30 nditapereka makiyi, ndipo ine ndidakali kuno mpaka 2027, ndiye a Madalitso musadandaule. Za Januwale akuti tidzakambirana, koma mnyamatayo anayang'ana kumbali, ndiye ndayamba kale kufunsafunsa malo.

Kondwani:
Mwachita bwino kwambiri achemwali. Pepala limenelo lijambuleni, lenilenilo musunge pamodzi ndi pasipoti. Kungoti 8,700 yadutsa malire ndi mapeso 4.50.

Mayi Nabanda:
Kondwani iwe, usiye mwanayo apume.

Gift:
Mapeso 4.50 kwa miyezi 4 ndi 18. Achimwene Kondwani akatengere nkhaniyi ku Supreme Court. Nanga denga?

Tamanda:
Mnyamata uja anakwera Lamlungu ndi kachitini ka Vulcaseal, anamata pa misomali. Pamwamba pa bedi pasiya, tsopano pakudontha ndi pakona pa sitovu. Beseni ndangolisuntha. Amene akudziwa chipinda chosapitirira 9,000 kufupi ndi MacArthur Highway, chapamwamba osati chapansi, cha anthu awiri, andilembere kumbali.